Ndikapitiriza kuyenda pansi, kodi ndituluka zitho n'kutha mbina?

Funso lachokera kwa mayi wa zaka 38 wokhala ku Chilenje, wa ana atatu. Alemba motere: "Kuyambira mu Ogasiti ndinasiya kukwera minibasi popita ku ntchito ku Longacres, ndalama ya basi inayamba kundipweteka, ndiye ndili pa Zamfuti. Foni imati ndimayenda makilomita 8 pa tsiku, kupita ndi kubwera, masiku asanu pa sabata. Papita miyezi iwiri. Siketi yayamba kukhwepa m'chiuno, koma madzulo thalauza imandithina kumunsi kwa mawondo, ndipo sikelo sinasunthe, ikadali pa makilo 82. Msinkhu wanga ndi masentimita 160. Alamu anga akuti ndikapitiriza ndituluka zitho ngati mnyamata wokankha Zamcab, mbina nayo ithera mumsewu. Kodi n'zoona? Ndisiye?"

Amayi, musasiye. Alamu anu aona chinthu chenicheni pa miyendo ya okankha Zamcab, kungoti chimene chimatumbitsa miyendo imeneyo sanachilondole bwino. Ine ntchito yanga ndi ya fiziyo. Ndimakhalira kugwira miyendo ya anthu, ya othyoka, ya ofa ziwalo, ya osewera mpira, ndipo mwa onse amene ndawazunguliza tepi sindinakumanepo ndi mayi amene akatumba ake a m'miyendo anakula chifukwa choyenda pa msewu wopanda chitunda, m'manja muli kachikwama basi.

Mukadzapita ku Soweto kukagula tomato, imani pambali pang'ono muyang'ane mnyamata wa wilibala atasenzetsa masaka atatu a mbatata. Amaweramira kutsogolo, chidendene chimanyamuka, ndipo thupi lake lonse pamodzi ndi masaka aja zimakankhidwa ndi zala za kumapazi. Akafika pa chithaphwi kapena pa mwala, mwendo umachita kunjenjemera. Kenako muyang'ane mnzake wogulitsa malamba ndi matchaja a foni m'manja, amene amayamba m'mawa ku Kamwala, n'kudutsa Cairo Road yonse, n'kukatulukira ku Lumumba, dzuwa mpaka kulowa. Ameneyu pa mtunda amamuposa wa wilibala uja, koma miyendo yake ili ngati bango. Chimene chawasiyanitsa ndi katundu. Mnofu umakula ukamapatsidwa ntchito youlemera, yoti ukabwereza kangapo watheratu. Ntchito yopepuka, ngakhale muibwereze kuyambira m'mawa mpaka madzulo, imauphunzitsa kupirira, koma siimaunenepetsa.

Chifukwa chake chili m'kati mwa mnofumo. Mnofu uliwonse ndi mtolo wa timinofu ting'onoting'ono ta mitundu iwiri. Tina ndi taukali, tamphamvu, totopa msanga, ndipo timeneti ndi timene timafufuma kwambiri tikamagwiritsidwa ntchito. Tina ndi todekha, timagwira ntchito maola ambiri osadandaula, koma kukula kwake n'kochepa. Kumbuyo kwa msongolo wanu kuli minofu iwiri yosanjikizana. Wapamwamba, umene umaoneka ngati mitu iwiri munthu akanyang'ama, madokotala amautcha gastrocnemius. Pansi pake pagona wina wathyathyathya wotchedwa soleus, ndipo timinofu take tambiri ndi todekha tija. Mukamayenda mwachizolowezi kuchokera ku Chilenje, soleus ndi amene amasenza gawo lalikulu la ntchito, taukali tija tili phee, tikudikira tsiku loti mudzathamangire basi kapena kuthawa galu.

Othamanga amaonetsa zomwezi. Muzala Samukonga, amene anatibweretsera mendulo ya bronze pa mamita 400 ku Paris mu 2024, kapena Samuel Matete pamene ankapambana mpikisano wa dziko lonse ku Tokyo mu 1991, ntchafu zawo n'zodzadza, chifukwa ntchito yawo ndi ya mphamvu zonse m'kanthawi kosakwana mphindi imodzi. Aku Kenya othamanga mpikisano wa makilomita 42 amadutsa makilomita 150 pa sabata pokonzekera, koma kumunsi kwa mawondo awo n'kowonda. Inu mukuyenda makilomita 40 pa sabata. Mtunda ukanakhala kuti ndi umene umatulutsa zitho, anthu amenewo bwenzi thalauza isakuwalowa.

Ndiye chikukuthinani madzulo n'chiyani? Mbali yaikulu ndi madzi, ndipo amabwera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yabwino ndithu. Mnofu ukayamba kugwira ntchito tsiku ndi tsiku umaphunzira kusunga chakudya chake pafupi, shuga wosungidwa wotchedwa glycogen, ndipo galamu iliyonse ya shuga ameneyu imasunga madzi okwana magalamu atatu. Masabata oyambirira mwendo umamveka wolimba, wodzadza, ukaugwira. Zimenezi zimafika pamlingo wake n'kuima, sizimangopitirira.

Njira yachiwiri ndi kutupa kwa madzulo. Magazi akatsikira ku mapazi amayenera kukwera chitunda kubwerera ku mtima, ndipo chimene chimawakankha ndi akatumba omwewo: mukaponda, mnofu umafinya mitsempha, magazi n'kukwera, timavavu ta m'mitsempha n'kutseka kuti asabwerere. N'chifukwa chake ena amati akatumba ndi mtima wachiwiri. Koma mukafika ku ofesi n'kukhala pa mpando kuyambira 8 koloko mpaka 5 koloko, mapazi ali lende, pampu ija yazima. Onjezanipo kutentha kwa Okutobala wa ku Lusaka, kumene kumatakasa mitsempha, ndi mchere wa mu kapenta, soseji ndi tchipisi za masana. Madzi amatuluka m'mitsempha n'kudikha m'akakolo ndi m'akatumba. Mukavula sokosi madzulo n'kupeza mzere wa lasitiki utadinda pakhungu, amenewo ndi madzi. Mnofu sudindika choncho. Ndipo kuyenda kwanuko ndi kumene kukuchepetsa kutupaku. Anzanu okwera basi n'kukakhalanso pa mpando tsiku lonse amatupa kuposa inu. Ku ofesiko muzidzuka ola lililonse, kapena muzinyamula zidendene maulendo 20 muli chikhalire. Mukafika kunyumba gonani chagada mphindi 15, miyendo mutaitsamiritsa kukhoma.

Kuti musamangokhulupirira za ine kapena za alamu anu, bwerekani tepi kwa atelala amene amakusokerani zitenge. Muziyeza m'mawa, mukangodzuka, mutapita kuchimbudzi, musanadye. Imani mowongoka, mapazi onse pansi, zungulizani tepi pamene katumba watumba kwambiri, osakoka mpaka kudinda khungu. Yezaninso ntchafu pakati pa bondo ndi mphechepeche, kenako pa matako pamene patuluka kwambiri, kenako m'chiuno, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya koma osabweza mimba. Lembani manambala anayiwo m'kabuku, kamodzi pa masabata awiri. Tsiku limodzi lokha yezaninso katumba madzulo mukangofika. Mudzapeza kuti wa madzulo waposa wa m'mawa, ndipo m'mawa mwake wabwerera pomwe unali. Galasi limanama, makamaka madzulo munthu atatopa ndipo mawu a alamu akulira m'makutu.

Pali chinanso chimene chingachititse kuti anthu aziti miyendo yakula pamene tepi ikuti yachepa. Mafuta a pansi pa khungu akayamba kuchepa, mzere wa mnofu umene unali wokwiririka umayamba kuoneka. Mwendo umene unali wofanana kuchokera pa bondo mpaka pa kakolo umayamba kukhala ndi potumba ndi pochepa. Ena amati zitho, ena amati miyendo ya mabotolo, chinthu chake chimodzimodzi.

Koma maumbidwe enieni a katumba munabadwa nawo. Kumbuyo kwa chidendene kuli mtsempha wolimba ngati chingwe, wa Achilles, umene umalumikiza minofu ija ku fupa. Ena chingwechi n'chachitali, ndiye mnofu umakhala m'mwamba pafupi ndi bondo, waufupi, kumunsi konse kowonda. Ena n'chachifupi, mnofu umatsika mpaka pafupi ndi kakolo, mwendo n'kuoneka wodzadza ngakhale mwini wake sayenda n'komwe. Zimenezi palibe masewera amene angazisinthe. Anyamata onyamula zitsulo ku jimu amalira ndi akatumba a m'miyendo, amawapanikiza chaka chathunthu koma osakula. Mukafuna kudziwa kumene miyendo yanu ikulowera, yang'anani ya amayi anu ndi ya azakhali anu. Make mbuu, mwana mbuu. Dziwaninso kuti munthu wolemera thupi amakhala ndi akatumba aakulu chifukwa amasenza thupilo tsiku lililonse, ndiye makilo akatsika, akatumba nawo amatsikako.

Alipo anthu amene kuyenda kumawakulitsa minofu ya m'miyendo, ndisabise. Ndi amene minofu yawo inali itafota: agogo amene akhala pakhonde zaka zambiri, munthu amene wagona m'chipatala mwezi wathunthu, kapena amene wangochotsedwa pulasitala. Kwa amenewa kungonyamula thupi ndi katundu wolemera kale, ndiye mnofu umabwerera. Umabwerera pamlingo wake wakale n'kuima pomwepo, ndipo ife timachita kusangalala tikaona tepi ikukwera.

Tibwere ku mbina, poti ndikudziwa kuti ndi pamene mtima wanu wagunda kwambiri. Kwathu kuno mkazi akavala chitenge anthu amafuna chigwire, ndipo mkazi akayamba kutsika thupi, a pa mpopi sachedwa kufunsana ngati kunyumba kuli mtendere kapena ngati wayamba kudwala. Sindikunyoza zimenezo, amayi ambiri amene ndimawathandiza amaopa kuwonda kuposa BP.

Mbina ndi zinthu zitatu: kutambalala kwa mafupa a m'chiuno, mnofu wa matako, ndi mafuta okuta pamwamba. Mafupa sasintha, muyende mpaka ku Chipata. Mafutawo ndi amene tiyenera kuwamvetsa. Thupi la mkazi amene akadasamba, chifukwa cha homoni ya oestrogen, limakonda kusunga mafuta m'ntchafu ndi m'matako, ndipo likasunga kumeneko limaumira nawo. Ndi nkhokwe ya mimba ndi kuyamwitsa, ndipo nthawi yoyamwitsa ndi imene thupi limaitsekula mosavuta. Mafuta a m'mimba ndi ena. Gawo lina lili m'kati mwenimweni, lozinga matumbo ndi chiwindi, ndipo limeneli ndi limene limayenda limodzi ndi matenda a shuga, BP ndi mtima. Mwayi wake ndi woti mafuta a m'katiwa ndi amene amafulumira kusungunuka munthu akayamba kuyenda mwachangu tsiku ndi tsiku. Siketi yanu ikunena zimenezo. Yakhwepa m'chiuno, simunanene kuti yakhwepa m'matako. Chiuno chikalowa matako ali pomwepo, mbina imaoneka kwambiri kuposa kale.

Thupi silichotsa mafuta pamalo pamene pakugwira ntchito, ngakhale anthu ambiri amaganiza choncho. Mafuta amasungunuka thupi lonse, n'kulowa m'magazi, n'kupita kumene akufunika. Mu 1971 ku America anayeza manja a osewera tenisi, anthu amene amamenya mpira ndi dzanja limodzi zaka zambirimbiri. Dzanja lomenyera linali ndi mnofu waukulu, koma mafuta a pansi pa khungu anali ofanana manja onse awiri. Mu 2013 ku Chile anachititsa anthu masewera a mwendo umodzi wokha kwa masabata 12, kukankha chitsulo chopepuka maulendo mazanamazana. Mafuta anatsika ndithu, koma anatsika m'manja ndi m'thunthu, mwendo wogwira ntchito uja osasintha kwenikweni. Choncho kuyenda ndi miyendo sikutanthauza kuti mafuta a m'miyendo ndi m'matako ndi amene ayambe kupita. Dongosolo la kumene ayambire linalembedwa kale ndi makolo anu ndi mahomoni anu. Ena amayamba kuonekera kumaso ndi m'khosi, ena m'mabere. Ndipo mukadzataya makilo 8 kapena 10, ntchafu ndi matako zidzatsikako ndithu, pamenepo sindingakunamizeni. Zaka zosiya kusamba zikadzafika, oestrogen akatsika, thupi lokha lidzayamba kusamutsira mafuta ku mimba, muyende musayende, ndipo amene anazolowera kuyenda ndi amene chiuno chimawakhalitsa.

Pali muyeso wosavuta wa chiuno umene sufuna ngakhale tepi. Dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, chipindeni pakati, muzungulize m'chiuno. Chikakumana, muli bwino. Kwa inu a masentimita 160, ndiye kuti chiuno chisapose 80. Nambala imeneyi ndi imene ine ndingailondole kuposa ya sikelo.

Za sikelo yosasunthayo, tiyeni tiwerengere. Poyenda, kilomita iliyonse imadya pafupifupi theka la kalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pa kilo iliyonse ya thupi, kuwonjezera pa zimene thupi likanadya muli chikhalire. Pa makilo 82, ndiye makalori 40 pa kilomita, makalori ngati 330 pa tsiku la ntchito, 1,650 pa sabata. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Pa pepala, ndiye kuti miyezi iwiri imeneyi mukanataya makilo osakwana awiri. Ena mwa amenewo apitadi, koma malo awo pa sikelo atengedwa ndi madzi a mu mnofu aja komanso magazi, amene amachulukako munthu akayamba kulimbitsa thupi. Ena mwawabweza ndi pakamwa osadziwa. Munthu akayenda mphindi 50 m'mawa amafika ndi njala, ndipo pa geti pali mayi wa vitumbuwa votentha. Vitumbuwa viwiri ndi botolo la 500 ml la chakumwa chotsekemera, chimene pachokha chimafika makalori 200, zafafaniza ulendo wonse wa tsikulo. Supuni imodzi yaikulu ya saladi, mafuta ophikira aja, ndi makalori 120, ofanana ndi makilomita atatu a ulendo wanu, ndiye taganizani dzanja likamapendeketsa botolo pa mphika wa repu osayeza.

Thupi nalo limadziwa kubweza. Mu 2012 Herman Pontzer ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pakati pa a Hadza a kumpoto kwa Tanzania, anthu osaka nyama ndi kukumba mizu, oyenda makilomita ambiri tsiku lililonse. Atawerengera kukula kwa thupi, mphamvu zimene amatentha pa tsiku zinali pafupifupi zofanana ndi za anthu a ku America ndi ku Ulaya okhala m'maofesi. Thupi likaona kuti miyendo ikudya zambiri, limachepetsa kwina. Akatswiri akadakangana za kukula kwa kubwezaku, koma phunziro lake kwa ife ndi loti kuyenda pakokha kumatsitsa sikelo pang'onopang'ono, pamene shuga wa m'magazi, BP, tulo ndi chiuno zimayankha msanga. Sindikukuuzani kuti musiye nsima. Chepetsani kukula kwa mtanda, chulukitsani chibwabwa ndi kalembula, saladi muziyeza ndi supuni, ndipo m'chikwama muzikhala nthochi kapena dzira lowiritsa kuti pa geti paja muzingopereka moni.

Tsopano mnofu wa matako, umene ndi gawo la mbina limene mungathe kuliumba nokha. Mnofu waukulu wa thako, gluteus maximus, poyenda pamalo osalala umagwira ntchito yochepa kwambiri. Umadzuka pokwera chitunda, pokwera masitepe, pothamanga, ndi podzuka pa mpando. Vuto la Lusaka ndi loti mzinda wathu uli pamwamba, mamita ngati 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, koma ndi woyalika ngati mphasa, ndipo njira yanu ilibe chitunda choti mnofu umenewu uchite nacho thukuta. Choncho muupatse ntchito yake padera, kawiri kapena katatu pa sabata, mphindi 15 zokha. Khalani pa mpando wa pa tebulo, mapazi motalikirana ngati mapewa, dzukani osagwira pena paliponse, khalaninso pang'onopang'ono ngati pa mpando pali mazira. Maulendo 12, pumani, mubwereze katatu. Zikayamba kupepuka, kumbatirani chigubu cha malita asanu a madzi. Kenako gonani chagada pa mphasa, mawondo opinda, mapazi pansi, nyamulani chiuno m'mwamba mutafinya matako, werengani mpaka zitatu, tsitsani. Chachitatu, sitepe ya pakhonde: kwerani ndi mwendo umodzi, mukuponda ndi chidendene, tsikani mosathamanga, maulendo 10 mwendo uliwonse. Mukakhala kumbali ya Manda Hill kapena UNZA, mlatho wa oyenda pansi uja muziukwera m'malo mothamangitsana ndi magalimoto pa Great East Road. Apa ndi pamene tikugwiritsa ntchito nzeru ya wa Zamcab mwadala, pamalo pamene tikufuna pakule. Mnofu umafunanso chomangira: kapenta, nyemba, mazira, ndiwo zotendera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2020, limati munthu wamkulu azichita masewera ofulumizitsa mtima mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndi olimbitsa minofu masiku awiri. Mbali yoyambayo mwaipitirira kale, yachiwiriyo ndi imene ikusowa.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Wina akadzakuuzani za mapiritsi kapena manyuchi okulitsa mbina, amene amagulitsidwa pa WhatsApp ndi m'misika, musalandire. Ambiri amakhala ndi cyproheptadine, mankhwala a ziwengo amene amangotsekula njala ndi kugonetsa, ndipo mafuta ake amapita kumene thupi lafuna, mimba yomwe. Ena amasakaniza dexamethasone. Ameneyu akamwedwa nthawi yaitali amatupitsa nkhope ndi mimba, amakweza shuga ndi BP, ndipo amadya minofu ya m'ntchafu ndi m'matako momwemo. Ndinathandizapo mtsikana amene ankalephera kudzuka pa mpando osagwira tebulo atamwa zoterezi miyezi ingapo, nkhope ili ngati mwezi, miyendo ili tindodo. Malamba omanga mimba nawo amangotulutsa thukuta, mukamwa madzi zabwerera.

Nsapato ndi zimene zingakulepheretseni ulendowu msanga kuposa alamu. Makilomita 8 pa patapata kapena pa nsapato ya ku ofesi yopyapyala pansi amabweretsa ululu wa chidendene, uja woti phazi loyamba m'mawa limakhala ngati mwaponda msomali. Ku salaula nsapato zabwino zothamangira zilipo, koma muzitembenuza muone kunsi: ngati chidendene chinadyeka mbali imodzi, mwini wake woyamba anaisiyira mayendedwe ake, isiyeni. Muzigula madzulo mapazi atatupako, ndipo kutsogolo kwa chala chachikulu kuzitsala malo a chala chamanthu. Za gogoda zikadikire m'dirowa ya ku ofesi. Ndipotu ngati pali nsapato yotumbitsa katumba pamaso, ndi ya gogoda, chifukwa imakunyang'amitsani tsiku lonse, ndipo ovala zaka zambiri timinofu tawo timafupika, chingwe cha ku chidendene n'kuuma. Chikwama chikhale cha kumsana, osati cholemera paphewa limodzi. Liwiro labwino ndi loti mukutha kucheza ndi mnzanu koma simungaimbe nyimbo ya kwaya. Pamene palibe njira ya oyenda pansi, yendani ku dzanja lamanja kuti magalimoto muziwaona akubwera.

Foni ikamakuuzani za masitepe 10,000 musavutike nayo. Nambala imeneyo inachokera pa dzina la kachipangizo kowerengera mapazi kamene kankagulitsidwa ku Japan mu 1965. Kafukufuku wa mu 2019 pa amayi achikulire a ku America anapeza phindu likuoneka kale pa masitepe ngati 4,400, n'kumakwera mpaka cha pa 7,500. Inu ndi makilomita 8 mwadutsa zonsezo.

Pali kutupa kwina kumene sikwa kuyenda, ndipo kumeneku musakuyese ndi tepi kunyumba. Mwendo umodzi wokha ukatupa, katumba akupweteka, akutentha, n'kuposa mnzake ndi masentimita atatu kapena kuposerapo, pitani ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo wina asautikite. Akhoza kukhala magazi oundana mu mtsempha, amene akasuntha amakatseka m'mapapo. Zimakonda amene angobereka kumene, ochitidwa opaleshoni, akumwa mapiritsi olera okhala ndi oestrogen, ndi amene akhala pa basi ulendo wautali ngati wa ku Nakonde kapena ku Johannesburg. Kukabwera kubanika kapena kupweteka pachifuwa, ndi zoti muthamange nazo usiku womwewo. Miyendo yonse iwiri ikatupa osaphwa m'mawa, mukadina ndi chala pa msongolo n'kutsala kadzenje, akayezeni mtima, impso ndi chiwindi. Simunanene ngati mumamwa mankhwala a BP, koma ngati mumamwa amlodipine, dziwani kuti amatupitsa akakolo anthu ambiri. Musawasiye nokha, kauzeni amene anakulemberani. Palinso matenda otchedwa lipoedema, a akazi makamaka, amene miyendo yonse iwiri imanenepa mosagwirizana ndi thupi la kumtunda, mapazi okha osatupa, ikakhudzidwa imapweteka ndipo sichedwa kuchita mikwingwirima. Amenewa mafuta ake samvera kuyenda kapena kuchepetsa chakudya, ndipo amayi ambiri amadziimba mlandu wa ulesi pachabe. Ndipo thupi likamatsika mothamanga kuposa masamu tawerengera aja, pali chifuwa chosatha, thukuta la usiku, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, musanamizire Zamfuti. Kayezetseni shuga, TB ndi HIV.

Mvula ikayamba mu Novembala masiku ena mudzakwera basi, palibe mlandu, thupi siliiwala ntchito ya miyezi iwiri chifukwa cha masiku atatu. Kabuku kaja kapitirire mpaka Disembala, chifukwa miyezi iwiri ndi yochepa kuti ntchafu ndi matako zionetse kumene zikupita. Alamu anuwo akadzabweranso ndi nkhani ya zitho, auzeni adzagone kwanu Loweruka. Lamlungu m'mawa, musanapite ku tchalitchi, apatseni tepi ayeze okha katumba wanu, nambalayo alembe m'kabukumo ndi dzanja lawo, pansi pake asaine.